Mafunso Anu: Msonkho wa pachipata amalipira ndani, nanga umateteza yani?

Makalata ambiri omwe afika mwezi uno akukhudza msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Ena akufunsa za misonkho ya Donald Trump ku America, ena za mkangano wa Malawi ndi Tanzania, ena za ndalama zomwe amasiya pa boda akamalowetsa katundu. Tasankhapo asanu ndi atatu, ndipo mafunso aatali tawafupikitsa.

Ndimamva pa wailesi kuti Trump akuti misonkho yake akulipira ndi dziko la China. Zimatheka bwanji dziko lina kukhometsa msonkho dziko linzake?
*Mphunzitsi, Zomba*

Aphunzitsi, sizitheka m'mene andale amanenera. Msonkhowu umalipidwa pachipata cha dziko lomwe laukhazikitsa, ndipo amapisa m'thumba ndi munthu kapena kampani yomwe yaoda katunduyo. Kontena ya nsapato ikachoka ku Shanghai n'kukafika padoko la Los Angeles, bilu ya kasitomu imapita kwa kampani ya ku America yomwe yaitanitsa nsapatozo. Boma la China silitulutsa kalikonse.

Chofunika kufunsa n'chakuti kampaniyo ikalipira, ndalamayo imakaibweza kwa yani. Ikhoza kukweza mtengo m'sitolo, ikhoza kulola kuti phindu lake lichepe, kapena ikhoza kuuza fakitale ya ku China kuti itsitse mtengo apo ayi ikaoda ku Vietnam. Wakunja amasenzako mtolo pa njira yomalizayi yokha, ndipo zimatheka pokhapokha ngati alibe msika wina wothawirako. Akatswiri a zachuma omwe adafufuza misonkho ya mu 2018 ndi 2019 adapeza kuti pafupifupi mtolo wonse udagwera makampani ndi ogula a ku America komweko.

Nkhani ya makina ochapira zovala ndi yomwe imaonetsa bwino. Kumayambiriro kwa 2018, America idaika msonkho wa pakati pa 20 ndi 50 peresenti pa makina ochokera kunja. Mtengo udakwera ndi pafupifupi 12 peresenti. Makampani a m'dzikomo monga Whirlpool, omwe sankalipira msonkhowo, nawonso adakweza poona kuti opikisana nawo adula. Makina oumitsira zovala sadaikidwe msonkho, koma adakwera chimodzimodzi chifukwa anthu amagula awiriwa pamodzi. Ntchito zatsopano zidapezekadi, pafupifupi 1,800, ndipo Samsung ndi LG adatsegula mafakitale ku South Carolina ndi ku Tennessee. Koma powerengera ndalama zomwe ogula adaonjezera, ntchito imodzi idadya madola opitirira 800,000 pa chaka.

Pamwamba pa izo pali kubwezera. Mu 2018 China idaika 25 peresenti pa soya wa ku America n'kuyamba kugula wambiri ku Brazil, ndipo boma la America lidapepesa alimi ake ndi madola opitirira 20 biliyoni. Mu Epulo 2025 maiko awiriwa adakwezerana mpaka 145 ndi 125 peresenti, malonda n'kutsala pang'ono kuima, kufikira adakumana ku Geneva mu Meyi n'kutsitsa kufika pa 30 ndi 10.

Sitikunena kuti msonkho ulibe ntchito. Umabweretsa ndalama kuboma, ndipo nthawi zina umakopadi fakitale kuti ibwere. Koma ndalamazo zimachokera kwa nzika za dziko lomwelo, ndipo wosauka ndiye amamva kuwawa kwambiri, poti gawo lalikulu la zomwe amapeza limathera pogula zinthu.

Ndidaoda katundu ku China. Ejenti adati dyute ndi 25 peresenti, koma bilu itabwera idapitirira theka la mtengo wa katunduyo. Kodi adandibera?
*Mwini sitolo ya zipangizo zomangira, Limbe*

Bambo, musanakwiyire ejenti, muuzeni akupatseni Form 12 yomwe adadzaza muiwerenge mzere ndi mzere. Kawirikawiri sipakhala kuba. Pachipata pamalipidwa misonkho ingapo, ndipo uliwonse umawerengedwa pamwamba pa unzake.

Poyambira si mtengo wa pa invoisi wokha. A MRA amaphatikiza mtengo wa katundu, ndalama zonyamulira kufikira polowera m'dziko muno, ndi inshuwalansi. Imeneyi ndiyo CIF yomwe mumaiona pa mapepala. Tiyerekeze kuti katundu mudagula $1,000, ndipo sitima, lole ndi inshuwalansi zadya $200. CIF ndi $1,200. Posintha pa K1,750 dola imodzi, ikukwana K2,100,000.

Dyute ya 25 peresenti pamenepo ndi K525,000. Ngati katunduyo ali m'gulu lolipira excise, msonkho wapadera woikidwa pa mitundu ina ya katundu, tiyerekeze ya 10 peresenti, amaiwerengera pa CIF yophatikiza ndi dyute ija, K2,625,000, ndipo imakwana K262,500. VAT imabwera pomaliza pa zonsezo pamodzi, K2,887,500. Pa mlingo wa 16.5 peresenti womwe udakhalapo zaka zambiri mpaka 2025, ndi K476,438. Bajeti ikasintha mlingowu, ikanipo watsopanowo, koma kawerengedwe kake n'komweko. Misonkho yonse yakwana K1,263,938, kutanthauza K60 pa K100 iliyonse ya CIF. Munthu wongophatikiza 25, 10 ndi 16.5 akadakonzeka K1,081,500, n'kupezeka kuti zaperewera ndi K182,438 katundu ali kale pa boda. Apotu simunalipire ejenti, simunalipire a Malawi Bureau of Standards ngati katunduyo ndi wofunika kuyezedwa, ndiponso kontena ikachedwa kutuluka, eni malo osungira ndi eni kontena amawerenga tsiku lililonse.

Pomwe ambiri amagwera ndi pa HS code, nambala ya katundu m'buku la misonkho. Manambala asanu ndi limodzi oyambirira ndi ofanana dziko lonse lapansi, ndipo ndi nambalayi yomwe imanena mlingo wa dyute ndi excise. Makina a m'fakitale ndi zopangira zinthu amakonda kukhala pa mlingo wotsika, pomwe katundu wotha kale kupangidwa amakhala pamwamba. Zinthu ziwiri zooneka zofanana pa shelefu zikhoza kukhala ndi nambala zosiyana chifukwa china ndi chachitsulo, china chapulasitiki. Funsani nambalayo ndi milingo yake musanatumize ndalama ku China, osati katundu atafika ku Beira.

Msampha wina ndi invoisi yotsitsa mtengo. Ogulitsa ena amachita kufunsa okha kuti alembepo zingati. A kasitomu amayerekeza mtengo wanu ndi wa katundu wofanana naye yemwe adalowa kale. Akaona kuti watsika mopitirira, amaukweza, akhoza kukulipitsani chindapusa, ngakhale kulanda katundu. Chomwe chimakutetezani ndi mapepala ogwirizana: invoisi, packing list (mndandanda wa zomwe zapakiridwa), bill of lading (chikalata cha sitima yonyamula katunduyo), ndi umboni wa kubanki woonetsa ndalama zomwe mudatumizadi. Zikakhala m'manja, muli ndi ufulu wolemba kalata yodandaula ngati akweza mtengo popanda chifukwa. Ndipo ngati bizinesi yanu idalembetsa VAT, ya pa boda ija mumaichotsera pa yomwe mwatolera kwa makasitomala, choncho musaiike pa mtengo wogulitsira ngati ndalama yotayika.

Tisakubisireni chinthu chimodzi. Kwa ambiri oitanitsa katundu, chomwe chikudya mpamba kwambiri si dyute koma dola. Mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, komabe madola sadayambe kupezeka m'mabanki, ndipo kumayambiriro kwa 2025 pa bulaki adapitirira K4,000. Wogula $1,200 ija pa K4,000 watulutsa K4,800,000, kuposa mtengo wa kubanki ndi K2,700,000. Ndalama imeneyi ndi yoposa kawiri misonkho yonse tawerenga ija, boma silipezapo tambala, ndipo kugula ndalama zakunja mwanjira imeneyi n'kuphwanya lamulo.

America idaikira dziko lathu 17 peresenti. Tidalakwa chiyani poti ndife osauka kale? Nanga ife a m'minda ya makadamiya ndi tiyi tiyembekezere zotani?
*Wogwira ntchito pa esiteti, Thyolo*

Achimwene, palibe chomwe mudalakwa. Manambala omwe adalengezedwa pa 2 Epulo 2025 sadachokere pa misonkho yomwe maiko amalipiritsa katundu wa ku America. Adatenga kusiyana kwa zomwe dziko limagulitsa ku America ndi zomwe limagulako, n'kugawa ndi zomwe limagulitsako, kenaka n'kutenga theka. Dziko losauka lomwe limagulitsa fodya, tiyi, shuga ndi makadamiya koma silikwanitsa kugula ndege kapena makina a ku America limaoneka ngati lolakwa pa masamu otere. Lesotho ndiyo idapwetekeka koposa. Imagulitsa ku America mabuluku a jinzi ndi dayamondi za madola opitirira 200 miliyoni pa chaka, n'kumagulako za madola mamiliyoni ochepa chabe, ndiye idapatsidwa 50 peresenti. Ogula adaimitsa maoda, mafakitale ena a ku Maseru adapumitsa antchito, ndipo msonkhowo usanayambe n'komwe kugwira ntchito, anthu adali atakhala kale pakhomo.

Pa 9 Epulo misonkhoyi idaimitsidwa n'kutsala 10 peresenti kwa onse. Kuyambira pa 7 Ogasiti, Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Lesotho adaikidwa pa 15, South Africa pa 30, pomwe Kenya idatsala pa 10. Mu Novembala chaka chomwecho America idachotsa msonkhowu pa zakudya zambiri zomwe siilima zokwanira, kuphatikizapo tiyi, khofi, nthochi ndi makadamiya, anthu a kumeneko atadandaula ndi kukwera kwa mitengo m'masitolo. Izi zokha zikuyankha funso la Aphunzitsi a ku Zomba.

Poona ngati msonkho ukupwetekani, musayang'ane nambala yanu yokha. Yang'anani ya opikisana nanu. Pa makadamiya timapikisana ndi South Africa, Kenya ndi Australia. Msonkho ukakhalapo, wogula wa ku America akaona kuti mtedza wa ku Kenya ukulowa motsika ndi K5 pa K100 iliyonse, amasamukira kumeneko kapena amauza esiteti ya kuno kuti itsitse mtengo, ndipo esiteti ikatsitsa, zimaonekera pa masiku a ganyu ndi pa mtengo wogulira kwa alimi ang'onoang'ono. Chodetsa nkhawa china ndi AGOA, lamulo la mu 2000 lolola katundu wambiri wa mu Africa kulowa ku America mopanda msonkho. Nthawi yomwe adalionjezera mu 2015 idatha pa 30 Seputembala 2025, ndipo tsogolo lake lili m'manja mwa aphungu a kumeneko. Palibe amene angamange fakitale ya zaka makumi awiri podalira lamulo losadziwika ngati likhalapo chaka chamawa.

Komabe America si msika waukulu wa dziko lino. Fodya wathu wambiri amapita ku Ulaya. Ululu wina ukhoza kudzera ku Joni: mafakitale a galimoto ndi minda ya zipatso ya ku South Africa ikachepetsa antchito, ndalama zomwe abale athu amatumiza kumudzi ku Mzimba ndi ku Mangochi zimachepanso.

Boma litaletsa katundu wina wakunja mu 2025, ife ogulitsa nthochi tidavutika, koma alimi ena adasangalala. Chiletso chotere n'chabwino kapena ayi?
*Mayi wa geni, Karonga*

Mayi, tikumbutse owerenga kaye. Mu Malichi 2025, unduna wa zamalonda, nduna yake ali Vitumbiko Mumba, udaletsa kulowetsa katundu monga ufa wa chimanga, mpunga, mkaka, zipatso, masamba, mbatata yakachewere, anyezi, uchi, machesi ndi zotokosera m'mano. Cholinga chidali kupulumutsa ndalama zakunja ndi kupatsa mpata alimi ndi makampani a kuno. Pa 23 Epulo nduna ya zaulimi ya ku Tanzania, Hussein Bashe, idabwezera poletsa mbewu zonse zochokera ku Malawi ndi ku South Africa, n'kuopsezanso feteleza ndi chimanga zomwe timatengera kumeneko. Patangopita masiku ochepa Tanzania idachotsa chiletso chake, ndipo kumayambiriro kwa Meyi maiko awiriwa adakambirana ku Dodoma n'kugwirizana.

Vuto lomwe boma linkafuna kuthana nalo ndi lenileni. Dziko lino limagula kunja katundu wa madola pafupifupi 3 biliyoni pa chaka, n'kumagulitsako wa pafupifupi 1 biliyoni. Kuononga dola pa zotokosera m'mano pomwe m'zipatala mukusowa mankhwala n'zopweteka. Koma maganizo athu ndi akuti chiletso chadzidzidzi ndi chida chobuntha kuposa msonkho. Msonkho umalola katundu kulowabe pamene wa kuno wasowa, ndipo boma limatolerapo ndalama. Chiletso chimatseka zonse, boma silipeza kanthu, ndipo phindu limapita kwa ozembetsa omwe amaoloka Songwe usiku pa bwato ndi kwa makampani ochepa omwe atsala opanda wopikisana nawo.

Tengani nthochi zomwe mumagulitsazo. Timaoda ku Tanzania ndi ku Mozambique chifukwa matenda a chisaka adapululutsa minda ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay. Mlimi akazula zodwalazo n'kubzala mbewu yabwino lero, mkoko woyamba amadula patatha chaka kapena kuposerapo. Kutseka boda lero sikufupikitsa chaka chimenecho. Kumangokweza mtengo, ndipo mayi yemwe adakongola mpamba ku banki m'khonde amaonerera katundu akuolera pa boda ya Kasumulu. Kachewere ndi anyezi n'zosiyanako. Ku Tsangano, Bembeke ndi Jenda zimalimidwa zambiri, koma zimachuluka nyengo imodzi n'kusowa nyengo ina chifukwa mulibe mosungira moyenera ndipo ulimi wamthirira ndi wochepa. Mbewu zotere zimafuna msonkho wokwera pa nyengo yokolola, wotsika pa nyengo yosowa, wolengezedwa miyezi ingapo zisanachitike kuti mlimi adziwe pobzala.

Chachiwiri, dziko lopanda doko silikangana mwachisawawa ndi mwini njira. Mafuta a galimoto ndi feteleza wathu wambiri amadzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Komanso mpunga wa Kilombero ndi soya zomwe alimi athu amagulitsa kutsidyako ndi zomwe zimayamba kugwa pa kubwezera. Maiko onse awiri adasaina pangano la malonda la SADC, lomwe limadana ndi ziletso zotere, ndiye pokambirana tidalibe poimira polimba.

Kuteteza makampani a m'dziko kudagwirapo ntchito kwina. South Korea idachita zimenezi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, koma kampani yotetezedwa inkapatsidwa mlingo wa katundu woti igulitse kunja, ndipo yolephera inkachotsedwa pa thandizo. Kuno timateteza popanda kufunsa kalikonse. Kampani iliyonse yopempha chitetezo iyenera kunena matani omwe ipange, mtengo womwe igulitsire, ndi chaka chomwe chitetezocho chidzathe, ndipo a Competition and Fair Trading Commission aziyang'anira kuti isatengerepo mwayi wokama ogula.

Bwanji boma osangochotsa misonkho pa zakudya kuti mitengo itsike?
*Wophunzira, Mzuzu*

Lidayesapo. Mu 2022 boma lidachotsa VAT ya 16.5 peresenti pa mafuta ophikira, koma ogula sadapume. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine, yomwe idayamba mu Febuluwale chaka chomwecho, idakweza mtengo wa mafuta osayenga pa msika wa dziko lonse, Indonesia idaimitsa kwa kanthawi kugulitsa kunja mafuta a kanjedza, ndipo mu Meyi kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti. Zomwe zidachotsedwa ku msonkho zidamezedwa ndi dola. Kumbukiraninso kuti msonkho ukachoka, dzenje limatsala mu bajeti. Boma likalikwirira pokongola m'mabanki a kuno, chiwongoladzanja chimakwera ndipo mitengo imakwerabe kudzera khomo lina. Kuchotsa msonkho kumathandiza kwambiri pa zopangira, monga mbewu, mapampu a mthirira ndi zipangizo za sola, kusiyana ndi pa chinthu chomwe ogulitsa ake ndi makampani owerengeka.

Ndimakaoda katundu ku Chipata. Anzanga akuti pali njira yolowetsera katundu osalipira dyute. Ndi zoona?
*Mayi wa bizinesi yodutsa malire, Mchinji*

Ndi zoona, Mayi, ndipo ndi yololedwa ndi lamulo. Imatchedwa Simplified Trade Regime, pansi pa COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndipo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira 2010.

Katundu wanu ayenera kukhala wolimidwa kapena wopangidwa m'dziko la Zambia momwemo, ndipo akhale pa Common List, mndandanda womwe maiko awiriwa adagwirizana. Mtengo wake pa ulendo umodzi usapitirire malire, omwe COMESA idaika pa $2,000. Dziko likhoza kukweza malire akewo, ndiye funsani omwe akugwira ntchito panopa. Mukafika pa Mchinji kapena Mwami, pomwe kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a maiko onse awiri amagwirira ntchito pamodzi, pitani pa desiki ya ofisala wothandiza amalonda ang'onoang'ono, yemwe ambiri amamuti TIDO. Akuonetsani mndandandawo ndi kukuthandizani kudzaza fomu yachidule ya kasitomu. Simufunika ejenti. Tengani malisiti a komwe mwagula, ndi pasipoti kapena border pass.

Chomwe chimachoka ndi dyute yokha. VAT ndi excise zimalipidwabe ngati katunduyo ali nazo. Ambiri sauzidwa zimenezi, ndiye akauzidwa kuti alipire amaganiza kuti akuberedwa. Ziphaso za zaulimi nazonso sizichoka: mbewu, nyama ndi zomera zimafuna chilolezo cha unduna ndi chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo mbewu ngati chimanga boma lililonse limatha kuiletsa kutuluka nthawi ina iliyonse.

Cholakwika chachikulu n'kuganiza kuti chilichonse chogulidwa ku Zambia ndi cha ku Zambia. Nsapato, zitenje ndi ziwiya zopangidwa ku China zomwe mwagula ku Kamwala ku Lusaka zimalipira dyute yonse. Malamulo a COMESA amafuna, mwa zina, kuti 35 peresenti ya mtengo wopangira chinthu ichokere m'dziko la membala, kapena kuti zopangira zakunja zisapitirire 60 peresenti. Kungopakira m'katoni yatsopano sikukwana. Yang'anani chizindikiro cha komwe chidapangidwira musanagule. Kugawa katundu mmodzi kwa anthu angapo kuti asafike pa malire aja n'kuphwanya lamulo, ndipo kupatsa katundu anyamata a njinga kuti adzere njira zakutchire kumadula kuposa VAT: mumalipira wonyamula, mumalipira wokugwirani panjira, ndipo mukakumana ndi gulu la MRA lolimbana ndi kuzembetsa, katundu yense amapita. Ndalama iliyonse yomwe mwalipira pa boda, landirani lisiti la boma. Dziwaninso kuti Tanzania ndi Mozambique sali mu COMESA. Kumeneko zimayendera mapangano a SADC ndi a pakati pa maiko awiri.

Akuti kaunjika ndi amene adapha mafakitale a nsalu. Tikaika msonkho waukulu pa mabelo, mafakitalewo angadzuke?
*Telala, Kasungu*

Rwanda idayesa. Mu 2016 idakweza msonkho wa kaunjika kuchoka pa masenti 20 a dola kufika pa $2.50 pa kilogalamu. Kenya, Tanzania ndi Uganda, omwe adagwirizana zofanana, adabwerera m'mbuyo America itaopseza, ndipo mu 2018 zovala za ku Rwanda zidachotsedwa pa mwayi wa AGOA. Mafakitale osoka adakulako, koma gawo lalikulu la msika lidatengedwa ndi zovala zatsopano zotchipa zochokera ku Asia.

Kuno funso ndi lakuti ndani angaveke anthu opitirira 20 miliyoni mabelo atasowa. Thonje la ku Balaka, Salima ndi ku Chigwa cha Shire lambiri limatuluka litangochotsedwa njere, ndipo inu nomwe, a telala, nsalu, ulusi, zipi ndi mabatani zomwe mumasokera zambiri n'zakunja. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika adaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe chifukwa cha kukwera kwa mabelo, chizindikiro chakuti mabanja ambiri amadyera pomwepo. Poyambira pabwino ndi pomwe msika uli kale m'manja mwathu: mayunifolomu a sukulu, a asilikali, a apolisi ndi a m'zipatala asokedwe kuno, ndipo dyute ichepe pa makina ndi zosokera. Msonkho wa mabelo uzikwera pang'onopang'ono kutsatira zomwe mafakitale akwanitsa, osati kutsogola.

Timauzidwa kuti maiko ambiri amalola katundu wa Malawi kulowa mopanda msonkho. Nanga bwanji nandolo ndi mtedza wathu timagulitsabe kwa mavenda motchipa?
*Mlembi wa kalabu ya alimi, Phalombe*

Bambo, misikayo ilipodi. Maiko a European Union amalandira katundu wathu yense, kupatula zida zankhondo, mopanda msonkho pansi pa ndondomeko ya Everything But Arms. Britain ili ndi ndondomeko yofanana nayo, ndipo kuyambira pa 1 Disembala 2024 China idachotsa msonkho pa katundu yense wa maiko osaukitsitsa omwe ili nawo pa ubale, Malawi ali momwemo. Chomwe chimatitsekereza si msonkho.

Alimi a nandolo mukukumbukira 2017. Mu Ogasiti chaka chimenecho India, yomwe imagula nandolo wambiri wotuluka kuno, idakolola wake wambiri n'kuika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa. Mtengo kuno udagwa mpaka ena adangomusiya m'munda. Mu 2021 maiko awiriwa adasainirana pangano lakuti India izigula matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Mbewu ya wogula mmodzi imakhala choncho, ndiye kalabu yanu isaike munda wonse pa nandolo.

Pa mtedza mdani ndi chuku chomwe chimabala poizoni wa aflatoxin. Ku Ulaya mtedza woti anthu adye sulandiridwa ukapitirira mamaikulogalamu 4 pa kilogalamu, ndipo njere zochepa zoola zimatha kukanitsa kontena yonse. Kumbani mtedza ukangokhwima, osaulekerera m'nthaka. Umitsani pounjika mitengo yake makoko asakhudze dothi, mwachitsanzo mwa njira ya Mandela cock, mpaka chinyontho chitsike pansi pa 8 peresenti. Musamawaze madzi pa makoko kuti afewe poswa, chifukwa chizolowezi chimenechi ndicho chimadzutsa chuku. Sungani m'makoko momwemo, matumba atasanjikidwa pa mathabwa osati pa simenti, ndipo mukaswa sankhani njere zonyala, zosweka ndi zosintha mtundu.

Kenaka pali kuchuluka. Wogula wakunja amawerenga makontena, ndipo kontena ya mafiti 20 imalowa nandolo wokwana matani pafupifupi 24, omwe ndi matumba 480 a makilogalamu 50, onse a mtundu umodzi, ouma mofanana, opanda anankafumbwe ndi miyala. Kalabu imodzi siikwanitsa, koma makalabu khumi olembetsedwa ngati kopaletivi akhoza. Mukafika pamenepo mufunika nambala ya msonkho ya ku MRA, akaunti ya kubanki ya kopaletivi, chilolezo chotumizira mbewu kunja, chikalata cha unduna wa zaulimi chotsimikiza kuti mbewuyo ilibe tizilombo, fomu ya CD1 yodzera kubanki, ndi chikalata choonetsa kuti mbewuyo ndi ya ku Malawi, chifukwa popanda chimenechi wogula amalipira msonkho wonse ngakhale dziko lake lidauchotsa. Powerengera phindu, kumbukirani kuti malamulo a Reserve Bank amafuna kuti gawo lina la madola omwe mwalandira ligulitsidwe pa mtengo wa boma, ndipo musapakire thumba ngakhale limodzi musanasainirane kontilakiti yonena mtengo, mlingo wa chinyontho, ndi yemwe alipire lole yopita ku Nacala kapena ku Beira.